Zinjoka za m'buku sizinaphepo munthu

Anzanga okonda zolembalemba, sabata ino ndabwera ndi mkwiyo pang'ono, ndiye mundipirire. Pali chizolowezi chomwe chikukula pakati pa akuluakulu, m'makomo, m'mipingo, ngakhalenso pagulu lathu lino. Akaona mwana wagwira buku la fantasy, mabuku aja a ana ophunzira matsenga, zinjoka zolavula moto ndi maiko omwe sapezeka pa mapu, amathamangira kumulanda kapena kumunyoza. Ena amati ndi zausatana. Ena amati akutaya nthawi ya mayeso. Ena, ophunzira bwino ndithu, amati zimenezo si zolemba zenizeni, ndi zinyalala za azungu. Onsewa akulakwa, ndipo kulakwa kwawo kukutithamangitsira owerenga omwe ndi ochepa kale.

Kuno ku Mauwa, m'boma la Chiradzulu, buku la nthano silipezeka pa grosale ngati sopo. Limachita kubwera ndi munthu amene wapita ku Limbe n'kulipeza pa mulu wa mabuku akale omwe amayala m'mbali mwa msewu. Mwana wa achemwali anga, mtsikana wa Fomu 2, analipeza choncho buku lake loyamba la Percy Jackson. Linali lothothoka, masamba omaliza kulibe. Analiwerenga kawiri ndi tochi, kenaka anatenga kope n'kulemba yekha mathero ake. Kopelo linazungulira kalasi yonse. Akakupezani mwakhala, amayamba: "Amalume, mukudziwa kuti Percy ankalephera kuwerenga m'kalasi koma anali mwana wa Poseidon?" Simunayankhe n'komwe, wafika kale pa mutu wachisanu. Ndiye tsiku lina mkulu wina wa kumpingo, wachibale ndithu, anaona chikuto, anamva za milungu ya Agiriki, basi n'kulitenga bukulo. Akuti akupulumutsa mzimu wa mwana.

Tiyambe ndi mantha amenewa, chifukwa ndiwo ali ndi mphamvu kwambiri, ndipo sindikufuna kuwaseka. Ku England, mawu oti mfiti ndi a m'nthano basi. Kwathu kuno mawu amenewa amaphetsa munthu. Tonse tinamvapo nkhani za ana omwe akuti amatengedwa usiku kukaphunzitsidwa ufiti, za ndege za lichero zomwe akuti zagwa pabwalo la wina. Kholo lomwe lakulira m'zimenezi likamva kuti mwana wake akuwerenga za sukulu ya afiti yotchedwa Hogwarts, mtima kudumpha n'zomveka. Koma tiyeni tiwerenge maliro bwinobwino, tione kuti anthu amafa ndi chiyani.

Mu Januwale 2016, ku Neno, agogo anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe, powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphezi yomwe inapha mtsikana. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera ya anamapopa inayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, ku Nsanje, ku Blantyre ndi kuno ku Chiradzulu. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Bungwe la United Nations linachita kuchotsa antchito ake m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Ife a kuno tikukumbuka: anthu ankagona panja m'magulu, achinyamata ankatseka misewu ndi miyala, mlendo aliyense wonyamula chikwama ankaoneka ngati wabwera kudzapopa magazi. Kuyambira cha m'ma 2014, abale athu achialubino akhala akusakidwa ngati nyama chifukwa cha bodza loti mafupa awo amalemeretsa.

Funso langa ndi ili: mwa anthu onse omwe ananyamula miyala ndi zikwanje, ndi angati omwe anachita zimenezo chifukwa anawerenga J.K. Rowling? Ndi angati omwe anatseka buku la Rick Riordan n'kupita kukasaka agogo awo? Mabuku a Harry Potter anayamba kutuluka mu 1997. Lamulo lathu loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, Witchcraft Act, ndi la 1911. Vutoli linalipo kale kwambiri mabukuwa asanalembedwe, ndipo amene amalikolezera ndi anthu akuluakulu, a ndevu zawo, osati ana a Fomu 2.

Kusiyana kwa nthano ndi mphekesera n'kwakukulu, ndipo pamenepa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Buku lili ndi dzina la mlembi pachikuto. Lili ndi chaka chomwe linasindikizidwa, lili ndi tsamba loyamba ndi lomaliza. Mwana akaligwira amadziwa kuti munthu wina anakhala pansi n'kupeka zonsezi. N'chifukwa chake amatha kukwiyira mlembi kuti wapheranji mpangankhani amene iye amamukonda. N'chifukwa chake amatha kutenga kope n'kulemba mathero akeake masamba akasowa. Munthu sungalembe mathero a chinthu chomwe ukuchiopa kuti n'choona. Mphekesera ilibe mlembi. Imangobwera ndi "akuti", ndi "wandiuza wina amene anaona ndi maso". Ilibe chikuto choti uitseke. Mwana amene wazolowera kulowa m'dziko lopeka n'kutulukamo amaphunzira kufunsa kuti: wanena ndani, akufuna ndimve chiyani, nanga apa nkhaniyi ikugwirizana? Mafunso amenewa ndi omwe anasowa pa misewu yathu mu 2017.

Makolo athu ankazidziwa izi. Agogo akati "Padangokhala", ana n'kuyankha "Tilitonse", onse ankadziwa kuti chitseko chatseguka, tsopano Kalulu ayankhula, Fisi avala jekete kukafunsira mbeta, mwana woumbidwa ndi dothi athawa mvula. Nthano ikatha chitseko chinkatsekedwa, ana n'kukagona. Palibe mwana anadzukapo m'mawa kukapereka moni kwa kalulu. Lero agogo ambiri ali kutali ndi adzukulu, madzulo atengedwa ndi foni ndi mavidiyo a pa msika, ndiye mwana wapeza "Padangokhala" wake m'buku. Inu mukumulanda.

Kwa abale anga a kumpingo, ndikufunseni mwaulemu. C.S. Lewis, amene analemba mabuku a Narnia kuyambira mu 1950, anali mmodzi mwa anthu odziwika kwambiri poteteza chikhristu m'nthawi yake, ndipo mkango wake Aslan umafa m'malo mwa mwana wolakwa n'kuukanso. J.R.R. Tolkien wa The Lord of the Rings anali Mkatolika wolimba. John Bunyan analemba The Pilgrim's Progress, lomwe linatuluka mu 1678, momwe muli zimphona ndi chilombo chotchedwa Apollyon, ndipo amishoni eniake ndiwo analimasulira m'zinenero zambiri za mu Afrika muno. Amenewa nawonso tiwaotche? Ngati vuto ndi mfiti kupezeka m'buku, nanga bwanji Macbeth wa Shakespeare, yemwe amayamba ndi afiti atatu, ana athu akumuwerenga m'kalasi n'kumulemba pa mayeso a MSCE, inu osadandaula? Kapena mfiti ikakhala pa silabasi ndiye kuti yabatizidwa?

Sindikunena kuti buku lililonse lolembedwa kuti ndi la achinyamata ndi loyenera mwana wa zaka 12. Ena mwa mabuku amenewa ali ndi nkhanza zoopsa, ena ali ndi za kuchipinda zomwe zikuyenera amsinkhu wokulirapo. Kholo lili ndi ufulu wonse wodziwa zomwe mwana akuwerenga. Koma njira yodziwira ndi kumukhazika pansi n'kumuuza kuti akufotokozereni. Mwana wokonda buku safuna kukakamizidwa, adzakufotokozerani mpaka nsima kuzizira. Pamenepo mudzamva nokha ngati muli zoipa. Kuweruza buku poona chikuto chokha, musanawerenge ngakhale tsamba limodzi, ndi ulesi, ngakhale muuveke malaya a uzimu.

Tsopano a mayeso. Amati mwana aziwerenga Biology ndi Physics, za zinjoka sizidzabwera pa pepala la MANEB. Zoona, sizidzabwera. Koma mafunso a Biology amabwera m'Chingerezi, a Physics m'Chingerezi, ndipo wolephera Chingerezi satenga satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji maphunziro enawo. Aphunzitsi omwe muli pagulu lino mukudziwa kuti ana ambiri a m'ma CDSS amagwa asanafike n'komwe pa sayansiyo, amagwera pa kumva funso. Ndiye pali mwana amene, popanda chikwapu, popanda malonjezo a switi, wamaliza buku la Chingerezi la masamba oposa 300, ndipo akulirira lachiwiri. Mwanayu wakumana ndi mawu masauzande omwe sakanawapeza m'manotsi a pa bolodi. Waphunzira kukhala phee ola lathunthu maso ali pa tsamba. Luso limeneli ndi lomwe adzagwiritse ntchito pa Biology yomweyo. Kumulanda bukulo kuti akhoze mayeso kuli ngati kuletsa mwana kuthamanga kuti asunge miyendo ya mpira wa Loweruka.

Ndipo tisanamizane, abale. Buku likalandidwa, malo ake salowa Physics ayi. Amalowa TikTok, amalowa bawo ya pa shopu, amalowa kungokhala. Mtsikana wa kumudzi ali kale ndi zambiri zomuchotsa pa tsamba: kutunga madzi, nkhuni, kulera ang'ono ake, anyamata a kabaza omwe amamuimitsa pa njira. Mwa zonsezi, chomwe mwasankha kulimbana nacho ndi buku?

Gulu lachitatu ndi lomwe landiwawa kwambiri, chifukwa ndi la alembi ndi akadaulo a zolemba. Amenewa sakhulupirira za usatana, koma amakweza mphuno. Amati mwana wa Chimalawi aziwerenga za moyo weniweni: umphawi, edzi, katangale, maukwati a ana. Amati fantasy ndi kuthawa mavuto, komanso ikupha chikhalidwe chathu.

Choyamba, mwana wa ku Mauwa safuna buku kuti adziwe umphawi. Amauona m'mbale madzulo alionse. Chomwe amasowa ndi nkhani yomwe mwana wonga iye, wosawerengeredwa, amapezeka kuti ndi amene dziko likudalira. Taonani mabuku omwe achinyamata amawakonda: Harry ndi mwana wamasiye amene amagona m'kachipinda ka pansi pa masitepe kwa achibale omwe samufuna. Percy ndi mwana wovutika kuwerenga, wochotsedwa sukulu kangapo, wokula popanda bambo. Mukuganiza kuti ana athu sakudziona m'menemo? Ndi ana angati m'midzi yathuyi omwe akukulira kwa azakhali, akudya pomaliza? Mwana wotere akamawerenga za Harry sakuthawa moyo wake ayi, akuuona kuchokera pena pomwe angathe kuupirira.

Chachiwiri, amene akuti fantasy ndi ya azungu sanawerenge bwino zakwawo. Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe, yomwe makolo athu anawerenga kusukulu, nkhani yake yagona pa mbalame yomwe imayimba kuulula munthu amene wapha m'bale wake. Imeneyo si fantasy? Malemu Steve Chimombo anatenga Napolo n'kumusandutsa mutu wa ndakatulo zake ndi nthano yaitali, anatenga Mbona n'kulemba sewero la The Rainmaker. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Afrika wa zaka 500 zikubwerazo, yomwe inapata mphotho ya Peer Gynt mu 2013. Ekari Mbvundula ndi Muthi Nhlema alemba nkhani zamtunduwu zomwe zawerengedwa kunja kwa dziko lino. Kwa anansi athu ku Zambia, Namwali Serpell anapata mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020 ndi buku lake The Old Drift. Awa onse akupha chikhalidwe?

Koma onani bwino mndandanda umenewu. Pafupifupi zonse ndi za m'Chingerezi, ndipo zambiri zinalembedwera anthu akuluakulu. Ndiye ndikufunseni inu alembi a Chichewa amene mukudandaula kuti ana atengeka ndi Agiriki: nditchulireni mabuku atatu okha a m'Chichewa, otsatizana, omwe mpangankhani wake ndi mwana wa zaka 13, omwe mwana angawerenge usiku wonse n'kudzuka akufunsa kuti lotsatira lituluka liti. Mwana sangasankhe chomwe sichili pa msika. Akapita ku Poseidon ndi chifukwa choti Napolo simunamulembere m'njira yoti amukoke. Mabuku ambiri omwe timawapatsa ana m'Chichewa ndi ulaliki wovala malaya a nthano: mtsikana wosamva watenga mimba, mnyamata wosamva wamangidwa, phunziro lake n'lakuti tizimvera makolo. Nthondo ya Samuel Ntara, ya mu 1933, ili ndi malo ake aulemu, palibe akutsutsa. Koma mwana wa lero akamaliza Nthondo apite kuti?

Anzathu a ku Nigeria sanataye nthawi kunyoza ana awo. Nnedi Okorafor analemba Akata Witch mu 2011, n'kuikamo zizindikiro zakale za nsibidi ndi mizimu ya kwawo. Tomi Adeyemi anatulutsa Children of Blood and Bone mu 2018, atatenga milungu ya Ayoruba, ndipo bukulo linagulidwa kwambiri ku America ndi maiko ena. Rick Riordan yemweyo anali mphunzitsi, ndipo Percy Jackson anayamba ngati nthano yomwe ankafotokozera mwana wake pogona, atatha nthano zonse za Agiriki zomwe ankazidziwa. Palibe anapeka kuchokera m'mwamba. Aliyense anatenga nthano zakale n'kuikamo mwana wa lero.

Nanga ife tikusowa zipangizo? Ayi ndithu. Tili ndi Mbona, wogwetsa mvula amene anathawira kumwera adani ake akumulondola, amene zida zachitsulo zinkalephera kumupha, amene magazi ake akuti anasanduka mtsinje, ndipo kachisi wake alipo mpaka lero ku Khulubvi, ku Nsanje. Tili ndi Kaphirintiwa ku Dzalanyama, komwe anthu oyamba anasiya mapazi pa thanthwe, komwe munthu anapeka moto nyama n'kumuthawa, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Tili ndi Makewana wa ku Msinja ndi nsato yake Thunga. Tili ndi Sapitwa pamwamba pa Mulanje, komwe amati ukapeza chakudya chokonzedwa kale uzingodya osaitana mnzako. Tili ndi Akafula, anthu afupiafupi aja omwe ankafunsa kuti wawaonera pati. Ayao a kuno ali ndi Kalikalanje, mwana amene amayi ake anamulonjeza kwa fisi asanabadwe, iye n'kubadwa akudziwa kale zonse, n'kumamupusitsa fisiyo ulendo uliwonse. Mlembi wa ku London atapatsidwa Kalikalanje yekha akhoza kutulutsa mabuku asanu.

Ndipo pali Napolo. Ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, ndi kuno kwathu mu Malichi 2023, pomwe namondwe Freddy anagumula phiri n'kukokolola mudzi wa Mtauchira, anthu akhala akutchula dzina limeneli. Ana a m'boma lino anaona matope akutenga nyumba, ena anataya makolo ndi anzawo a m'kalasi. Akatswiri anafotokoza za mvula yochuluka ndi mapiri opanda mitengo, ndipo ananena zoona. Koma mwana amene amadzidzimuka mvula ikayamba kugunda pa malata amafunikanso nkhani yomwe mantha ake ali ndi dzina ndi nkhope, nkhani yomwe mwana mnzake amakwera phiri kukakumana ndi chinjokacho n'kubwerako. M'nkhani yotere mukhoza kulowa za nkhalango zomwe zatha ndi makala, za akuluakulu omwe sanamvere machenjezo, popanda kuimika nthano kuti mulalikire. Imeneyi ndi ntchito yomwe lipoti la bungwe silingagwire.

Amene atenge ntchitoyi adziwe kuti ili ndi malire ake, ndipo apa ndi pomwe mlembi wa kuno akusiyana ndi wa ku England. Osalemba nthano yomwe mdani wake ndi gogo wa maso ofiira wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Chithunzi chimenecho chaphetsa kale anthu okwanira. Osalemba zoti thupi la munthu wachialubino lili ndi mphamvu zobisika. Osaulula za kudambwe kapena za m'kachisi zomwe eniake amazisunga, pitani mukafunse kaye. Chilombo chikhale chilombo, dziko lopeka lioneke kuti ndi lopeka, chitseko cha "Padangokhala" chikhale chooneka bwino. Fantasy yolembedwa mosamala ikhoza kuchita zomwe misonkhano yambiri yalephera: kuonetsa mwana kuti gogo amene mudzi wonse ukumuloza chala ndi amene akusunga nzeru zopulumutsira mudziwo.

Musandiuze za kusowa kwa osindikiza. Inde, kusindikiza n'kodula, ndipo ambiri mwa osindikiza athu amathamangira mabuku a silabasi chifukwa ndiwo ali ndi msika. Koma ana omwe tikukambawa akuwerenga kale pa foni za azakhali awo, akutumizirana nkhani pa WhatsApp, akutsatira nthano za zigawozigawo pa Facebook. Pagulu lino pali anthu ochokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje omwe amalemba ndakatulo tsiku ndi tsiku. Mutu umodzi pa sabata, wa mawu 1,000, wothera pomwe mtima uli m'mwamba, ukhoza kukwana buku lathunthu chaka chisanathe. Mlembi akatero, ana eniake adzamuuza ngati nkhaniyo ikukoma, ndipo ana sanyengerera.

Ndiye pempho langa lili pawiri. Makolo, aphunzitsi ndi akulu a mpingo: mukapeza mwana ali ndi buku la zinjoka, mufunseni kuti zikutha bwanji, ndipo ngati muli ndi ka 2,000 kapadera mukapita ku tauni, mugulireni lotsatira. Inu alembi: amene wakhala akunyoza Harry Potter pagulu lino atibweretsere mutu woyamba wa nthano yake ya Kalikalanje, kapena ya Napolo, kapena ya Sapitwa, m'Chichewa, mwezi uno usanathe. Tidzaupereka kwa ana a Fomu 1 ndi Fomu 2 kuti auweruze okha.